Mipira Imene Mayi Kuramochi Sanagwetse

Bondo langa litakana, anzanga a timu ya volebo ya amayi sanandithamangitse. Anandipatsa kope, pensulo ndi kampando pambali pa bwalo, ati ndizilemba mmene masewero akuyendera. Ndinadziwa kuti akungondinyengerera, ndiye ndinati aona polekera. Ndinayamba kulemba chilichonse: wamenya ndani, walandira ndani, mpira wagwera pamalo pa ndani, ngakhale amene wapepesa.

Kupepesa sikusowa kwathu kuno ku Tsubame. Mpira ukagwa, wolakwayo amakweza dzanja n'kufuula kuti "Pepani!" ndipo ena onse amayankha kuti "Palibe kanthu!" Pa timu yathu dzanja limene silinkapuma linali la Mayi Kuramochi, a zaka 63, amene akhala akuima kumbuyo pakati chiyambire ana awo ali ku pulayimale.

Lamlungu lina m'mawa, titamaliza kuyeserera mu holo ya pasukulu, tinakhala pansi n'kumasenda manachesi. Kaputeni wathu, Mayi Hiwatashi, mayi wamtali amene amamenya mpira ngati akukuntha matiresi, anakhosomola.

"Mpikisano wa m'boma watsala sabata ziwiri," anatero. "Tilipo khumi, koma m'bwalo mumalowa asanu ndi anayi. A Kuramochi, mwatithandiza zaka zambiri, komatu..."

"Ndamva, musavutike," anayankha Mayi Kuramochi akuwerama. "Wogwetsa mipira ndine. Ndizikuthirirani tiyi."

Anamwetulira, koma manachesi awo anawabwezera m'thumba. Ine zinandipsetsa mtima. Amuna awo anamwalira chaka chatha, ndipo Lamlungu linali tsiku lokhalo limene mayiyu ankaseka.

"Dikirani kaye," ndinatero ndikutsegula kope.

"Eee, alembi ayambapo!" anaseka kaputeni. "A Nagamine, si mayeso awa."

"Ingomverani. Pa masewero asanu ndi limodzi apitawa, a Kuramochi apepesa ka 41."

"Ndi zomwe tikunenazi," anatero kaputeni.

"Mipira imene analandira bwino ndi 112. Imene inagwera pamalo pawo ndi isanu basi."

Pa volebo yathu ya anthu asanu ndi anayi sitisinthana malo, aliyense ali ndi pake, ndiye panalibe poyambira kutsutsa.

"Nanga 36 inayo ndi ya ndani?" anafunsa kaputeni.

Mayi Kuramochi anandikoka malaya. "Iwe Nagamine, tseka bukulo."

"Ndisiyeni achemwali, lero ndi lero. Khumi ndi iwiri ndi ya Shiratori."

Shiratori ndi mayi wachitsikana, wamanyazi, amene wangokwatiwa kuno chaka chino. Anabisa nkhope m'thaulo.

"Nanga nditani?" anatero Mayi Kuramochi. "Mwanayu akanapepesa yekha kakhumi konse, akanabweranso? Ine dzanja langa linazolowera, silitopa."

"Chabwino, kwatsala 24," anatero kaputeni. Mawu anali atachepa.

"Imeneyo inagwera kumbuyo kwa munthu wina wamtali, amene akalumpha pa neti amaiwala kuti ali ndi msana."

Kenako Shiratori anaphulika kuseka m'thaulo momwemo, ndipo holo yonse inatsatira. Mayi Hiwatashi anafiira mpaka makutu. Anandilanda kopelo, n'kuyendetsa chala mzere ndi mzere, milomo ikuwerenga. Atamaliza anagwada patsogolo pa Mayi Kuramochi, mphumi mpaka pansi.

"Zaka zonsezi mwakhala mukundisenzera katundu, ine n'kumayenda chimanjamanja!"

"Dzukani inu, mudetsa juzi," anatero Mayi Kuramochi, akutulutsanso manachesi aja.

Tinagwirizana kuti ena onse azipumulirana panja, koma kumbuyo pakati pasakhudzidwe. Kopelo linatiuzanso china: matimu ena anali ataona kale bowo la kumbuyo kwa kaputeni, n'chifukwa chake ankangoponyera mpira pomwepo. Sabata ziwirizo tinathera kutseka bowolo, ine ndikulalata ndili pakampando kanga. Kunena zoona, kulalatako ndinkakukonda kwambiri.

Tsiku la mpikisano tinapambana masewero awiri, achitatu anatikwapula bwinobwino. Koma chimene ndimakumbukira chinachitika koyambirira. Mpira wina unadutsa pamwamba pa zala za kaputeni n'kugwera kumbuyo kwake, pamalo pomwe paja. Ndinaona dzanja la Mayi Kuramochi likuyamba kukwera lokha. Kaputeni anathamanga, analigwira n'kulitsitsa, kenako anakweza lake.

"Pepani! Wanga umenewo!" anafuula mpaka woyimbira masewero anadzidzimuka.

Mayi Kuramochi anamuyang'ana, misozi ikulengeza, kukamwa kuli mwee.

"Palibe kanthu!" anakuwa kuposa aliyense.

Ndinapukuta magalasi anga, n'kufufuza dzina la Hiwatashi m'kope. Pamalo a zopepesa, pamene panali poyera chiyambireni, ndinalembapo kamzere koyamba.