Mpendero pa Mphira

Mphira inaduka atelala ali pa ndime yachitatu ya nyimbo. Inawakwapula pabondo, chidutswa n'kutsala lende kuphazi.

Anawapatsa mphirayo ndi anamwino oyendera odwala m'makomo, atelalawo atagona mwezi wathunthu miyendo n'kutsala ngati bango. Anati aziimangirira kumwendo wa makina osokera, azikoka ndi phazi kakhumi m'mawa uliwonse. Atelala sankawerenga. Ankaimba nyimbo ya kutchalitchi, ndime imodzi mwendo uwu, ina mwendo winawo. Chimwalirireni akazi awo munalibenso wothira mang'ombe m'nyumbamo, koma iwo ankasiyabe mpata pamene mayiwo ankalowera.

Mwana wawo wamkazi anali ataneneratu kuti: "Bambo, Loweruka ndikadzapeza simukudzuka nokha pampando osagwira kanthu, tidzanyamukira limodzi. Nyumbayi tidzatseka."

Lachinayi anamwino atabwera, atelala anatulutsa zidutswa zija pansi pa khushoni. M'mphepete monse munali msoko wowongoka bwino, ulusi wake wofanana ndi mtundu wa mphirayo.

"Agogo, mwaisoka?"

"Inalibe mpendero, mwanangu. Zaka makumi anayi m'nyumba muno simunatulukepo chinthu chopanda mpendero."

"Mphira si siketi. Pamene singano yaboola m'pamene imang'ambikira." Anamwino anaseka, kenaka anasiya ataona nkhope yawo. "Zina zatha, mpaka mwezi wamawa. Tiyeni tilumikize yomweyi."

Anamanga mfundo. "Yafupika, ndiye yalimba. Muzikoka pang'onopang'ono, kuthamanga sikufika."

"Nanga masiku awiri akwana?"

Anamwino anayang'ana wotchi, nati odwala ena akudikira.

Atelala anakoka Lachisanu lonse mpaka ntchafu zinayamba kunjenjemera. Anapemphera, osati kuti akhalenso mnyamata ayi, koma kuti awabwereke mawondo tsiku limodzi lokha.

Loweruka mwana uja anafika, nawapatsa moni atagwada.

"Tiyeni tione, bambo."

Anayesa koyamba, anabwerera pampando. Kachiwiri chimodzimodzi. Pamenepo mwanayo anatembenukira kuwindo, nayamba kukonza katani yomwe inali bwinobwino. Atelala anatsamira dzanja pathabwa la makina, nadzikankha, naimirira.

Mwanayo atacheuka anawapeza ali chilili.

"Mwadzuka nokha, eti bambo?" anafunsa motsitsa mawu, maso ali pansi.

Atelala anaona kuti wawatsekulira dala khomo loti aname. Mawu amodzi okha akanakwana. Anayang'ana makoma amene anapaka okha laimu, ndi pakhonde pamene makasitomala ankadikirira zovala zawo.

"Ndinagwira makina," anatero. "Iwe sunaone, koma alipo amene waona."

Mwanayo anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Analowa kuchipinda, natsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu, nayamba kuponyamo zovala mofulumira.

Atelala anakhalanso pansi, akumuona pakhomo lotsekula.

"Malayawo usawapinde choncho, achita makwinya," anatero. "Bwera nawo kuno."

Anawayala pamiyendo, nayamba kupinda okha, amodziamodzi.