Dzanja la Lemani

Elifasi atangolikhudza thumba lophunzirira nkhonya anadziwa kuti wina walisintha. Linkalendewera panthambi kuseri kwa mabalani a fodya, pomwe iye ankaphunzitsira anyamata a m'komboni masewera a nkhonya Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Iye anaikamo madeya ndi utuchi, koma tsopano linali gwa ngati khoma. Atalimasula anapezamo mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi timiyala.

"Wachita izi ndani?"

Anyamata onse anazolika, kupatula Lemani, mwana wa mlongo wake, yemwe anaima cha kumbuyo dzanja lamanja atalibisa m'thumba la kabudula.

"Lero kulibe masewera, kazipitani. Iwe Lemani tsala."

Elifasi anamenyapo nkhonya ku Salisbury ali mnyamata, asanabwere kudzayendetsa thalakitala pafamu iyi ya kufupi ndi Banket. Manja ovulala anali atawaonapo ambiri. La Lemani linali lotupa ngati chinkhupule, khungu la pamfundo za zala litasupuka.

"Fumbata."

Mnyamatayo anayesa, koma zala ziwiri zinakana kupindika.

"Madeya ndi ofewa, amalume. Ndikamenya sindimva kanthu."

"Ukufuna kumva chiyani? Fupa likuthyoka?" anatero Elifasi. "Ndikuuze kangati kuti mphamvu ya chibakera sikhala m'dzanja? Imayambira kuphazi, ikwere mwendo, ipotoke m'chiuno. Dzanja limangoperekeza. Iwe mafupa ako akadali anthete. Thamanga, lumpha chingwe, nyamula thupi lako lomwe ndi manja, basi. Ndamvanso kuti ukumanyamula chitsulo cha pulawo ya thalakitala."

"Chimalimbitsa mapewa."

"Chidzakupinda msana usanamere ndevu. Mpikisano wa ku Banket uli kutali, mpaka titamaliza kusankha fodya. Ukuthamangira kuti?"

Lemani anakumba dothi ndi chala cha kuphazi, kenaka anadzutsa mutu.

"Amalume, munthu wamkulu, wa khosi lonenepa, mumammenya pati kuti agwe ndi chibakera chimodzi?"

Elifasi anamuyang'anitsitsa. Mwa anyamata a msinkhu wa Lemani munalibe wa khosi lonenepa.

"Munthu wake ndani?"

"Ndangofunsa," anatero Lemani, nachoka.

Elifasi analunjika kwa mlongo wake Selestina, mayi wa Lemani. Anampeza akuanula zovala pawaya. Mwamuna wake, Jasten, anali khale pakhonde akumata chubu cha njinga, ndipo patsaya lake panali mzere wakuda wochokera kukhutu mpaka kuchibwano.

"Alamu, kumasoko mwatani?"

"Zinatha zimenezo, alamu," anayankha Jasten osadzutsa mutu.

Selestina anakokera mchimwene wake kuseri kwa nyumba.

"Inu munalibe, achimwene, bwana atakutumani kukalima ku Concession. Kapitao Pearson anapeza masamba awiri olakwika m'mtolo wa bambo ake a Lemani. Anawamenya chikoti kumaso, fodya yense n'kumumwaza pansi, n'kuwauza kuti atole atagwada. Pamaso pa azimayi onse a m'shedi. Pamaso pa mwana wawo."

"Ndipo anatola?"

"Akanatani? Anatola. Chiyambire tsiku limenelo mwanayu sadya nafe, atate ake sawayang'ana kumaso. Akaweruka ndi kuthumba kwanu kuja, mpaka magazi." Selestina anamuloza ndi chala. "Ndinu munamuphunzitsa. Akangomukhudza kapitao, mwana wanga akalowa ndende, ifeyo atitaya pamsewu. Tikalowera kuti? Ku Dedza tinachokako kalekale, ngakhale munda wathu akulima ena."

Elifasi anamufunafuna Lemani madzulo amenewo, kubwalo la mpira, kumpope, kwa anzake, koma sanamupeze. Mnyamatayo ankamuzemba.

M'mawa mwake simbi, chitsulo choitanira anthu kuntchito, italira, antchito anathamangira kushedi yosankhira fodya. Elifasi anayenera kukatuta nkhuni za m'mabalani, koma anaimika thalakitala pafupi ndi khomo la shedi, natsegula injini ngati akuona mafuta. Maso ake anali m'kati. Lemani ankanyamula mitolo kupereka kwa osankha, akugwiritsa ntchito kwambiri dzanja lamanzere. Jasten anali pamalo pake, atawerama pa fodya wake.

Pearson analowa chipewa chili pamphumi, chikoti chili kukhwapa. Anali munthu wa ku Nyasalande ngati iwo omwe, koma chiyambire kupatsidwa ukapitao ankakonda kuwalankhula anzake m'Chishona, ngati Chinyanja chimamuyabwa m'kamwa. Anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mabenchi, naima kumbuyo kwa Jasten.

"Mangwanani, madala," anatero. "Maso mwatsuka lero? Kapena tiwatsukenso ngati tsiku lija?"

Ena anaseka, kuseka kwa mantha. Jasten anapitiriza ntchito. Pearson anatenga nsonga ya chikoti, nagwetsa nayo chipewa cha Jasten pansi.

"Tolani. Pajatu kutola mumakudziwa."

Lemani anatula mtolo pansi mwakachetechete. Elifasi anaona phazi lamanzere likupita patsogolo, chibwano chikutsika, chidendene chamanja chikunyamuka. Zonse zimene ankamukalipira miyezi yonseyi, mnyamatayo anali kuzichita bwinobwino lero.

Elifasi anathamanga.

"Iwe mwana wopanda mwambo iwe!" anakuwa, nadziponya pakati pa Lemani ndi kapitaoyo.

Chibakera chinamupeza m'nthiti, m'munsi mwa khwapa. Anamva kuti thyo, osadziwa ngati ndi fupa lake kapena la mwanayo. Mpweya unamuthera, mdima unamudutsa m'maso, koma anagwira malaya a Lemani pakhosi, nakangamira pomwepo kuti asagwe.

"Mayo ine! Wamenya malume ake!" anakuwa mayi wina.

Shedi yonse inaimirira. Lemani anali atagwira dzanja lake pamimba, nkhope itachita phulusa, akuyang'ana malume ake ndi maso otong'oka.

"Pepani, akapitao," anatero Elifasi, mawu akutuluka amodziamodzi. "Nkhani ya m'banja iyi. Ndinamukalipira dzulo, ndiye wandisungira mkwiyo."

"Ayi, ine sindimafuna..." anayamba Lemani.

"Tseka pakamwa!"

Anali Jasten. Palibe anamumvapo akukweza mawu chotero. Anaimirira, nagwira mwana wake pamkono mwamphamvu, natuluka naye panja, chipewa chake chikadali pansi.

Pearson anayang'ana uku ndi uku, kenaka anaomba chikoti pabenchi. "Basa! Gwirani ntchito! Mukuonerera chiyani?"

Anthu atabwerera pa fodya wawo, kapitaoyo anamutsatira Elifasi kuthalakitala. Anatsamira tayala lalikulu, nalankhula motsitsa, ulendo uno m'Chinyanja chenicheni.

"Elifasi, ine si mwana. Ndinaona komwe chimalowera chibakera chija."

Elifasi anagwira nthiti zake.

"Mwezi uno ukamatha ndisadzamuonenso pafamu pano. Ndikadzamuona, bwana amva zonse, ndipo apolisi adzabwera ndi galimoto. Wandimva?"

"Ndamva."

Kuchipatala cha ku Banket anapeza kuti fupa la kumbuyo kwa dzanja la Lemani lathyoka, pamalo pomwe linali litafooka kale ndi mchenga uja. Analikulunga pulasitala mpaka m'chigongono. Elifasiyo a kuchipatala anangomumanga nsalu pachifuwa, ndipo kwa masabata angapo thalakitala ikagunda dzenje ankaluma mano. M'komboni nkhani inali imodzi: mwana wa Jasten wamenya malume ake. Azimayi ankaletsa ana awo kuyenda naye, akuluakulu a mpingo anamuitana kukamudzudzula. Lemani anamvetsera zonse ali chete, ndipo palibe wa m'banjamo anatsutsa.

Elifasi anatumiza uthenga kwa msuweni wake Christmas, yemwe ankagwira ntchito kumgodi wa ku Mhangura. Christmas anavomera kumusunga mnyamatayo. Anati kumgodiko kuli bwalo la nkhonya lokhala ndi magolovesi enieni, ngati dzanjalo lidzalola.

Tsiku lonyamuka banja lonse linamuperekeza Lemani kumsewu waukulu. Jasten ananyamula kasutikesi ka mwana wake paphewa, ndipo anakana kuti wina amulandire. Akudikira basi, Lemani anasendera kwa malume ake.

"Amalume, dzanjali lidzakhalanso bwino?"

"Sindikudziwa. Ulisiye lipole, usalikakamize. Akadzachotsa pulasitala uyambe ndi kufinya nsanza yonyowa, osati kumenya."

"Mukanangondisiya tsiku lija."

"Ndikanakusiya, bwenzi lero uli kundende, amayi ako ali pamsewu pano ndi mitolo pamutu."

Lemani anayang'ana atate ake, omwe ankapukuta fumbi pa sutikesi ndi mkono wa malaya. Basi itafika, Jasten anakweza katunduyo yekha, nagwira mwana wake paphewa kanthawi. Lemani sanalichotse dzanjalo. Anakwera, ndipo basi inapita.

Pobwerera, mng'ono wake wa Lemani, kamnyamata kotchedwa Ambrosio, kanatsogola kakudumphadumpha m'njira, kakuponya tizibakera m'mwamba n'kumazemba mdani wosaoneka. Selestina anakathamangira, nakagwira manja onse awiri. Kenaka anatembenukira kwa mchimwene wake, maso ali ouma.

"Mwandipulumutsira mwana, achimwene, ndathokoza. Koma uyu musadzamuphunzitse."

Elifasi anatsegula pakamwa kuti anene kuti si nkhonya zinalakwa, koma ataona mmene mlongo wake anagwirira timanja tija, anameza mawuwo.

"Sindidzamuphunzitsa," anatero.

Selestina anamubereka mwanayo kumbuyo, ngakhale anali atapitirira msinkhu woberekedwa, ndipo anatsogola kulowera kukomboni.