Boti Lotuwa

Msodzi wina atatopa ndi kuwedza m'mphepete, anatenga mlamu wake, kalipentala, kukasankha boti lopita nalo pakati pa nyanja. Maso ake anagwera boti lonyezimira penti yabuluu.

Kalipentalayo analigogoda kunsi, kenako n'kubaya thabwa ndi msomali. Unalowa ngati m'papaya lakupsa.

"Alamu, mukufuna kukwatira penti?" anatero akuseka. "Tiyeni tikaone lotuwa lili apolo."

Linali losaoneka bwino, koma matabwa ake anakana msomali, ndipo msodziyo analigula. Sabata yonse anamata mipata ndi phula, n'kuikamo injini, nangula watsopano ndi bokosi la ayezi. Mkazi wa msodziyo anabweretsa majekete oyandamitsa, nati popanda amenewo palibe kunyamuka.

Loweruka m'mawa analikankhira m'madzi. Anakhalamo ola lathunthu akusuzumira pansi, koma madzi sanalowe ngakhale dontho.