Chishalo Chobowoka Pakati

"Kupepuka kwakeku, ngati nkhuku yodwala," anatero bambo aang'ono atanyamula njinga ija ndi dzanja limodzi. "Iyi ipita kwa mwana wanga, azipitira kuntchito."

Kamphepo anali chiimire pakhomo pa shopu ya malemu bambo ake. Maluwa a pamanda anali asanafote n'komwe, koma abale anali atayamba kale kugawana masipanala, mapampu ndi machubu, poti mwini nyumba ankafuna chipinda chake. Dzina loti Kamphepo anam'patsa ndi bambo akewo, omwe anali okonza njinga, poona mmene ankaulukira pamsewu. Njinga yampikisanoyo, ya matayala opyapyala ndi mahandulo opindikira pansi, anaimanga okha ndi zitsulo zotolatola, ndipo woikwera anali iye yekha. Koma inkagona m'shopumo, ndiye lero inali m'gulu la katundu wa malemu.

"Bambo, njingayo ndi yanga," anatero motsitsa mawu. "Mpikisano uli mwezi wamawa."

"Yako? Achimwene sanandiuzepo zimenezo. Komanso tikukuthandiza, mwanawe. Si iwe umati ukatsikapo n'kumayenda ngati bakha?"

Ena anaseka, kuseka kwa pamaliro kobisa m'manja. Kamphepo anachita manyazi, chifukwa zinali zoona. Chishalo chopapatiza cha njingayo chinkamudya. Akapalasa mtunda wautali, pokhalira pankachita dzanzi, kenako zilonda. Koma mwana wamkazi angawauze bwanji bambo ake pamene pakum'pweteka, malo ake ali amenewo? Sananenepo. Ankangoona kuti bambo ake sachisiya chishalocho: lero aweramitsa mphuno yake, mawa achikankhira kumbuyo, mkuja aikapo china chofewa ngati pilo, chomwe chinkangomira n'kumupweteka koposa. Tsiku lina anawakalipira kuti asiye kugwiragwira njinga yake. Iwo anangoseka.

Tsopano Kamphepo anayang'ana achimwene ake obadwa nawo bere limodzi kuti mwina am'lankhulira. Iwo anali kalikiliki kupinda chubu chomwe chinali chopindidwa kale. Mayi ake anali pakampando pakona, maso otupa, manja lende. Panalibe woti n'kumuimira kumbuyo, ndipo iye ankadziwa kuti akangokweza mawu, anthu anena kuti mwana wa malemu walirira chitsulo m'malo molirira bambo ake.

Njinga inatuluka ikukankhidwa, tayala lakumbuyo likulira tchetchetche mpaka inakhota pakona. Kamphepo sanaitsatire.

Pofika masana m'shopu munali mbee. Pansi panangotsala mabawuti adzimbiri, makatoni, ndi chishalo china chomwe bambo aang'ono anachitaya akuti n'chowonongeka, chabowoka pakati. Mayi anadzuka pang'onopang'ono, nachitola, n'kuchipukuta ndi mpango wawo. Kenako anatulutsa chidutswa cha katoni kuseri kwa chitseko.

"Ukukumbukira tsiku lija bambo ako anakukhazika pakatoni apa pasitepe, amvekere werama undigwirire tcheni?"

"Eya, mayi. Tcheni chake chinalibe vuto lililonse."

"Tcheni anangonamizira. Ankafuna muyezo wa mafupa ako okhalira."

Pakatonipo panali timaenje tiwiri, tozunguliridwa ndi pensulo, ndi mzere wolumikiza pakati.

"Ankati chishalo chizinyamula mafupa, osati mnofu, ndipo cha mzimayi chimafuna kutambalala kumbuyo. Ankakuona ukuimirira pamapedulo pamsewu wopanda chitunda, n'kubwera kunyumba chakudya osachikhudza. Koma akanakufunsa bwanji, ali bambo ako?" Mayi anafwenthera, kenako anaseka misozi ili mbwembwembwe. "Wovutika ndinali ine. Nkhalamba yonseyi ankandikweza pa chishalo chilichonse, chitseko atatseka. ‘Mayi a ana, chikukudinani pati?’ Ine ndimvekere, bambo inu, mundithyola msana, kam'funseni mwini wake! Iwo ayi, mwana angachite manyazi n'kusiya kupalasa."

Kamphepo analandira chishalocho. Chinali chachifupi mphuno, chotambalala kumbuyo, ndipo bowo lija silinali kuwonongeka: bambo ake analisema dala, n'kulisalaza bwinobwino kuti pofewa pasamakhudze kanthu. Chikopa anali atasoka mbali imodzi yokha. Mbali inayo singano inali ikulendewerabe pa ulusi, pomwe anailekezera m'mawa womwe anagwa osadzukanso.

Mtima unam'pweteka kuposa tsiku la maliro. Anayang'ana pakhoma, pa mbedza yomwe ankakolekapo njinga. Panalibe poti n'kuchimangirira, ngakhale sipanala yomangira inali itapita.

"Ndichitani nacho, mayi?"

Mayi anam'patsa katoni ija.

Kamphepo anakhala pansi pasitepe paja, nayala katoni ija pamiyendo. Anatembenuza chishalocho n'kuchigoneka pamwamba pake mosamala. Malo awiri okhalira aja anagwera ndendende pa timaenje tija.