Mabedishiti a Bambo Tawulo

Tauni yathu ili ndi zinthu ziwiri zokha zaulere: dzuwa ndi mtsinje. Zina zonse, ngakhale chimbudzi cha pamsika, umapisa m'thumba. Ndiye tsiku limene a khansala anabwera ndi chingwe kudzatseka mtsinje, ine mutu unayamba kutentha dzuwa lisanakwere n'komwe.

Ine ndi amayi timachapa. Timachapira anthu apa ndi apo, koma chimene chimatidyetsa ndi loji ya Bambo Tawulo. Dzinali anapatsidwa chifukwa cha katawulo kamene sikachoka pakhosi pawo. Amapukutira thukuta, magalasi, nsapato, ndipo ena amati ngakhale matambula a alendo. Mabedishiti onse a lojiyo amadutsa m'manja mwathu. Timachapa m'mamawa, n'kuyanika pa miyala ikuluikulu ya m'mbali mwa mtsinje, imene pofika masana imatentha moti ungakazingepo dzira. Zikauma timakasita kunyumba. Kunyumbako sitingayanike, chifukwa tili m'mbali mwa msewu wa malole a mchenga. Ukayanika choyera umaanula chofiira.

Dzulo lake Bambo Tawulo anali atawaitana amayi.

"Mawa madzulo kukubwera alendo akuluakulu. Mabedi onse akhale oyala dzuwa lisanalowe. Mukachedwa, mayi, ntchito ndipatsa ena. Ochapa ndi ambiri."

Alendowo anali a bungwe lina limene limayenda m'matauni ang'onoang'ono kuona ngati ndi abwino kukhalamo. A khansala ankafuna kuwalandira ndi zithunzi zoonetsa kuti kwathu kuno anthu amangopitidwa mphepo pamtsinje, opanda nkhawa, ngati mbalame. Vuto linali loti pamtsinjepo panali anthu enieni.

Tinali titangomaliza kutsukuluza, mabeseni ali phamphu, pamene galimoto ya khonsolo inaima. Munatuluka mipando ya pulasitiki, maambulera amitundumitundu, wojambula wina wonyamula chikamera chachitali ngati musi, ndi a khansala eniake atavala chipewa cha mlaza chimene mtengo wake unali ukadalendewera kumbuyo.

"Amayi nonse, lero lokha mutipatseko mpata," anatero a khansala. "Ano tsopano ndi malo opumirako."

"Ife tikayanika kuti?" ndinafunsa.

"Iwe mwana, chitukuko chimafuna kudzipereka."

"Ndafunsa poyanika, sindinafunse za chitukuko."

Amayi ananditsina pamkono. Amayi anga amakhulupirira kuti munthu wosauka pakamwa pake ndi polowera chakudya basi. Anzathu ena ananyamula zovala zawo n'kumapita akung'ung'udza. Ife tinasunthira kuseri kwa chingwe, pansi pa kamtengo kopanda mthunzi weniweni, n'kukhala pa mabeseni athu.

"Amaliza msanga," anatero amayi. "Kujambula sikuchedwa."

Amayi sanaonepo anthu a ku ofesi akupuma. Ndi ntchito yaikulu. Anatsika m'galimoto yachiwiri atavala makabudula atsopano, miyendo yotuwa imene sinaonepo dzuwa chibadwire. Mlembi wa khonsolo anamugoneka pamwala ndi buku m'manja, koma mwalawo unamuwotcha, anadzambatuka ngati waponda moto. Mkulu wina wa zamisonkho anapatsidwa ndodo yowedzera yopanda mbedza. Ankaigwira ngati akufuna kuphera njoka.

"Sekani, bwana," anatero wojambula.

"Ndiseke chiyani? Muli ng'ona umu?"

"Mulibe. Sunthirani pafupi ndi madzi."

"Iwe ukudziwa bwanji kuti mulibe? Unalowamo?"

Ana athu amasambira pamenepo tsiku lililonse ali buno bwamuswe, koma anawo anali atathamangitsidwa kale, ati akuoneka osasamba.

Dzuwa linakwera. Kunja kunali kotentha kwa mtundu uja wakuti ngakhale agalu amasiya kukangana. Tsidya lina mitambo inayamba kuunjikana, yakuda kunsi. Aliyense wokhala kuno amadziwa kuti nyengo ino mvula siipempha odi. Amayi ankangoyang'ana kumwamba, kenako mabeseni, kenako kumwamba. Anapita kwa a khansala, nagwada pang'ono.

"Bambo, mwala umodzi wokha, wa kumapeto uko. Sitioneka."

"Mayi, kamera imaona patali."

Anabwerera, nakhalanso pabeseni. Sanandiyang'ane.

Kenako kunatulukira Bambo Tawulo. Nawonso anali ataitanidwa kuti aoneke pachithunzi monga munthu wamalonda amene zikumuyendera. Kabudula woyera, malaya a maluwa, katawulo kali pamalo pake. Anawaikira mpando pamwala wathu weniweni, waukulu uja umene umaumitsa mabedishiti mwachangu, n'kuwapatsa botolo la chakumwa chozizira. Anakhala, natambasula miyendo, kenako anakwinya nkhope akuloza kumene tinali.

"Wojambula, azimayi awo ndi mabeseni awowo sakuipitsa chithunzi? Tawauzani apite kutali."

Sanatizindikire. Amayi awachapira mabedishiti kuyambira ine ndikuyamwa. Achotsa madontho amene sindingawatchule pano. Koma kwa Bambo Tawulo tinali mabeseni awiri oipitsa chithunzi.

Sindikumbuka ndikuganiza. Ndikukumbuka beseni lili pamutu, chingwe ndikuchidumpha, ndi mawu a amayi kumbuyo akuti, "Iwe! Iwe! Bwerera!" Ndinafika pamwala paja n'kukhuthula beseni lonse pamiyendo ya Bambo Tawulo. Mabedishiti onyowa ndi olemera. Mpando wa pulasitiki unatambasula miyendo yake pang'onopang'ono, mwaulemu, mpaka bambowo anakhala pansi.

"Mabedi anu awo," ndinatero. "Kayaleni."

Wa zamisonkho anatsitsa ndodo yake. Bambo Tawulo anachotsa bedishiti kumaso, nandiyang'ana, nayang'ana amayi amene anali atagwira kumutu, ndipo apa m'pamene anatidziwa.

"Ntchito yatha! Lero lomwe! Mwana wopanda mwambo iwe!"

"Mwambo muli nawo ndinu, wokhala pamwala woyanikira zovala zanu zomwe?"

A khansala anayandikira, akudzipepesa ndi chipewa chija.

"Tadikirani kaye, achimwene. Nsalu izizi n'za kuloji?"

"N'zanga, inde."

"Zonse? Nanga pamabedi pali chiyani panopa?"

Bambo Tawulo anapukuta pakhosi. "Matiresi."

"Alendo anga agona pa matiresi osayala? Anthu obwera kudzaona ngati tauni ino ndi yabwino kukhalamo?"

"Mwatseka mtsinje ndinu, a khansala."

"Inu simunandiuze kuti loji yanu yonse ili m'beseni!"

Tsidya lija kunagunda. Onse anayang'ana kumwamba nthawi imodzi ngati nkhuku zaona kabawi. Wojambula anati sanamalize, akufunabe miyala. A khansala ankafuna zithunzi, ankafunanso mabedi. Anaima pakati thukuta lili kamukamu, kenako anaganiza monga amaganizira anthu a khonsolo: miyala ikhalebe ya zithunzi, koma aliyense amene sakujambulidwa agwire nsalu.

Amayi anatsukuluzanso mabedishiti amene anagwera mumchenga. Ndipo posakhalitsa m'mbali mwa mtsinje munaima mzere wa akuluakulu a tauni yathu, awiriawiri, atagwira mabedishiti m'makona, akuwakupiza pamphepo yotentha ija.

"Kwezani, bwana, akukhudza pansi," ndinamuuza wa zamisonkho.

"Mikono yatopa, mwanawe."

"Chitukuko chimafuna kudzipereka."

Amayi ananditsinanso, pamalo pomwe paja.

Wojambula atatembenuka n'kuona mzerewo, maso ake anawala. Anasiya mlembi ndi buku lake, nayamba kujambula nsalu zoyera zikuuluka, mtsinje kumbuyo, mitambo yakuda pamwamba. "Izi ndiye zenizeni!" ankatero. "Masewera a pamtsinje! Bwana Tawulo, dumphani pang'ono!" Bambo Tawulo sanadumphe.

Madontho oyamba atagwa tinali titapinda kale. Tinathamangira kunyumba, ine makala, amayi simbi, ndipo chinyezi chimene chinatsala tinachimaliza ndi moto. Tinafika kuloji mvula ili pakati, mabeseni titawakutira ndi pepala la pulasitiki, galimoto ya alendo isanafike.

Bambo Tawulo anatilandira pakhonde atasintha kabudula. Anagwiragwira mabedishiti, nawanunkhiza, akufunafuna chifukwa. Sanachipeze.

"Mayi, inu ndilibe nanu mlandu," anatero. "Koma ntchito ikhalapo pokhapokha uyu agwade apa, apepese."

Wopepesa ndine? A khansala amene anatithamangitsa ali phee, amene sanawadziwe amayi anga ali chilili pakhonde pake, ndiye wogwada ndikhale ine? Ndinatsegula pakamwa. Kenako ndinaona manja a amayi. Anali atawapinda pamimba, osweka ndi sopo, chala chimodzi chili ndi thuza la simbi la lero lomwe. Ankayang'ana pansi.

Ndinagwada. Simenti inali yonyowa.

"Pepani, bwana."

"Pepani chiyani?"

"Pepani kuti ndinakugwetsani pamaso pa anthu, mpando n'kuthyoka, miyendo m'mwamba, aliyense akuona."

Anandiyang'anitsitsa, akusinkhasinkha ngati kumeneko kunali kupepesa. Panja hutala ya galimoto inalira pageti.

"Mawa m'mamawa mubwere mudzatenge zakuda, mayi," anatero mofulumira, akukonza kolala. "Koma uyu asadzapondenso pano."

Tinabwerera mvula ikutipuntha, mabeseni opanda kanthu pamutu. Amayi anali patsogolo, osatembenuka. Ndinkadikira mawu, ndipo ndinkadziwa kuti akhala ambiri. Titafika pa mlatho waung'ono anaima, nandigwira khutu, nalipotokola mpaka ndinawerama.

"Ukadzachitanso zimenezi ndidzakuthyola msana, wamva?"

"Ndamva, amayi."

Anasiya khutu. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinayesa akulira, koma anatula beseni pansi n'kugwira chitsulo cha mlatho, akuseka mpaka kutsokomola.

"Ndipo tsiku lina uzindiuza kaye usanachite," anatero akupukuta m'maso. "Ine ndinali kumbuyo kwa ambulera. Sindinaone bwino."