Mapepala Onunkhira Tiyi

Makina a fotokope a pa ofesi ya esiteti anabwera pa lole kuchokera ku Limbe chaka cha 2001, ndipo kuti alowe anachita kuzula chitseko. Amene anawagulitsa ananena kuti makinawo akhoza kulavula mapepala tsiku lonse osapuma. Mwina ku Limbe ankaterodi. Ku Thyolo anaphunzira makhalidwe ena. Pepala likangomva chinyezi, ankalitafuna n'kulibisa m'mimba. Akagwira ntchito nthawi yaitali n'kutentha, ankangoti zii, osatsanzika, kanyali kofiira n'kumaphethira m'nthiti mwawo. Zikatero panalibe chochita. Akazizira ankadzuka okha n'kupitiriza pomwe analekezera, ngati sipanachitike kanthu.

Amene ankawayang'anira anali Chester, kalaliki wamng'ono, mnyamata wa Chikatolika wosayankhulayankhula. Chester ankafuna kukwatira Tabita, namwino wa pachipatala cha mishoni, ndipo Tabita anali atavomera. Amene anali asanavomere ndi bambo ake, a Peterson, mkulu wa mpingo wa Sabata. Ankhoswe a Chester atapitako, a Peterson anawapatsa mipando yabwino, nawafunsa za ulendo, kenako anati munthu wozolowera Lamulungu sangadziwe kuti Sabata limayamba dzuwa likalowa Lachisanu. Anati aona kaye. Panapita miyezi akuonabe.

Lachisanu lina la mu Ogasiti chiperoni chinatsika mpaka pakhomo. Minda ya tiyi inasowa, phiri linasowa, fakitale inkangomveka kulira mu nkhungu. Masana a Peterson anatulukira akukankha njinga, katoni atamangirira pakaliyala. Manijala anali atalola kuti a matchalitchi azipangira fotokope pa ofesipo, bola abwere ndi mapepala awo.

"A kalaliki," anatero a Peterson, akukutumula chipewa. "Ndamva muli ndi makina osatopa."

"Amayesetsa, bambo."

"Mawa m'mawa tiyamba msonkhano wa misasa. Izi ndi nyimbo za msonkhanowo. Aliyense akhale ndi kabuku kake. Koma zithe dzuwa lisanalowe. Likalowa, kaya zatha kaya sizinathe, ntchito yathera pomwepo."

Chester anasuzumira pazenera. Kunalibe dzuwa loti lingalowe.

Anatsegula katoni ija n'kukhudza mapepala. Anali ozizira, ofewa ngati masamba a nthochi. Anali atagona m'kabati ya kutchalitchi kuyambira nyengo ya mvula, ndipo lero anamwanso mawawa njira yonse. Munthu suuza apongozi amene sanakuvomere kuti mapepala awo ndi onyowa. Chester anaika mtolo m'makina n'kudina batani lobiriwira.

Pepala loyamba linatuluka bwino. Lachiwiri silinatuluke. Chester anagwada, anatsegula chitseko cha m'mbali, nalisolola litakwinyika ngati nkhope ya khanda lolira. Anatseka, anadina, makina anatafuna lina.

A Peterson anakhala pa benchi, chipewa pabondo.

"Ndiye amagwira ntchito choncho?"

"Akuzolowera kaye mapepala achilendo, bambo."

"Oho."

Atagwada ndi kudzuka mpaka mawondo a thalauza kuda, Chester anasenza katoni ija n'kuthamangira kufakitale. Kumeneko kunali Benard, mnzake amene ankagwira ku ng'anjo youmitsira tiyi, malo okhawo pa esiteti yonse amene chiperoni sichinkafikako.

"Iwe, ino ndi fakitale ya tiyi," anatero Benard. "Za maofesi zanuzo kuno ayi."

"Ndi za a Peterson, aise."

"Apongozi aja osavomera?" Benard anaseka mpaka kutsokomola. "Yala apa. Ukakwatira uzikandiitana kudzadya nyemba, poti nkhumba wasiyana nayo basi."

Anayala mapepala pa malata otentha pafupi ndi ng'anjo. Anaumadi msanga. Koma pouma anapindika onse ngati mikute ya chigumu, natenganso fungo la tiyi watsopano ndi kafumbi kake kofiirira.

Chester atabwerera anapeza Tabita wafika, ali mu yunifolomu yake yoyera ndi juzi pamwamba. Anabwera kudzathandiza bambo ake kupinda timabuku. Anamupatsa moni Chester ngati munthu amene anangomuonapo kamodzi pa mzere wa odwala.

A Peterson anatola pepala limodzi n'kulinunkhiza.

"Ife tiyi sitimwa, a kalaliki."

"Ndi fungo lokha, bambo."

"Oho."

Makina anakana mapepala opindika monga anakanira onyowa, kungoti tsopano ankawatafunira pena. Tabita anayang'ana kwa kanthawi, kenako anatuluka. Anabwerako ndi nsimbi ya makala imene mlonda wa pageti ankasitira yunifolomu yake. Anayala juzi patebulo la mataipi n'kuyamba kusita mapepala limodzilimodzi, mwaulemu, ngati malaya a abusa. Ositidwawo makina anawalandira.

Poona kuti zikuyenda, a Peterson nawo anafuna kuthandiza. Anatenga pepala lotuluka kale, lopindika pakona, nalanda nsimbi kwa mwana wawo. Atainyamula, ndime yonse ya nyimbo inali itachoka papepala n'kumatirira kunsi kwa nsimbi, zilembo zitatembenuka.

"Ababa, zolembedwa kale sasita," anatero Tabita.

A Peterson anayang'anitsitsa kunsi kwa nsimbi ija.

"Mlonda ameneyu amapemphera kuti?"

"Sapemphera."

"Ayambire pamenepa," anatero, nabwerera pa benchi.

Kuchokera apo makina anayenda monga anali asanayenderepo chifikire ku Thyolo. Mapepala ankatuluka otentha, motsatizana, Tabita akusita uku akupinda, Chester akuthira ena. M'chipindamo munadzaza fungo la tiyi, la makala ndi la ufa wakuda uja umene makina amalembera. Chester anagwira m'nthiti mwa makinawo n'kumva kuti atentha ngati mwana wa malungo. Sanauze munthu.

Kunja kuwala kunayamba kuchepa, ngakhale kunali kovuta kunena ngati ndi madzulo kapena nkhungu yangowonjezera. A Peterson ananyamuka n'kukaima pazenera, manja kumbuyo.

"Ababa, muli ndi wotchi," anatero Tabita.

"Wotchi anapanga ndi munthu. Ine ndikuona nkhuku za mlonda. Yomaliza ikalowa m'khola, ndiye kuti lalowa."

Chester naye ankaziona nkhukuzo podutsa paphewa la a Peterson. Zinkalowa mosafulumira, ina ikalowa ina n'kutulukanso. Anayang'ana mulu wotsala. Unali ukadali wotalika ndithu. Mumtima mwake anali atatsimikiza kale: sazimitsa. Munthu amene anauzidwa kuti aliyense akhale ndi kabuku kake sangapereke theka n'kumayembekezera mkazi wathunthu. Nkhuku zikatha, ayerekeza kuti sanaone, makina apitirize mpaka a Peterson atachita kumukuwira.

Panatsala tambala yekha. Anaima pakhomo pa khola, anayang'ana uku ndi uku, anajompha pansi kamodzi. Chester anaika dzanja pamwamba pa makina monga amachitira munthu ndi ng'ombe yotopa, n'kunong'ona kuti, "Pirirani, akulu."

Tambala analowa. Makina anati zii.

A Peterson anatembenuka pang'onopang'ono. Anaona Chester, anaona dzanja lake lili pa makina, anaona mulu wa mapepala osalembedwa.

"Mwazimitsa?"

Chester anatsegula pakamwa. M'nthiti mwa makina kanyali kofiira kanali katayamba kuphethira. Tabita ananyamula mtolo wa timabuku, anayenda pang'ono ngati akufuna poika, n'kukaima ndendende patsogolo pa kanyaliko. Chester anatseka pakamwa.

"Ine sindinakuuzeni," anatero a Peterson. "Ndinali ndisanatembenuke n'komwe. Ntchito yatsala yochuluka chonchi, inu n'kuisiya." Anavala chipewa. "Chaka chatha mwana wa mlongo wanga, wobadwira mu mpingo, anamenya njerwa mpaka nyenyezi kutuluka, akuti sanaone."

"Timabuku sitikwana, bambo," anatero Chester ndi mawu otsika.

"Aziyang'ana awiriawiri. Ena sadziwa n'kuwerenga komwe, amangofuna chogwira."

Anaika timabuku totha m'katoni. Tabita sanasunthe pamalo paja mpaka bambo ake atatuluka panja. Chester anayang'ana waya wa magetsi kukhoma. Kuti akauzule, a Peterson akanafunsa chifukwa chozulira chinthu chozimitsa kale, ndipo anali ataima pakhomo penipeni, akumudikira kuti akiye. Chester anakiya.

Pakhonde, akumangirira katoni pakaliyala, a Peterson anayankhula osamuyang'ana.

"Ankhoswe anu aja abwere Lamulungu masana. Osati mawa."

"Zikomo, bambo."

"Ndipo mutiperekeze mpaka kumsewu. Nkhungu iyi."

Onse atatu anatsika masitepe, njinga pakati. Mawawa ankagwa mopanda phokoso, ndipo fakitale inali itasiya kulira, moti pa esiteti ponse panali bata. Asanafike pa mtengo wa pageti, Chester anamva kumbuyo kwake, mkati mwa ofesi yokiya, kaphokoso kamene ankakadziwa kuposa mawu a mayi ake. Makina anali atazizira. Anakonza kukhosi, anakoka pepala, n'kuyambanso ntchito pa Sabata.

A Peterson anaima n'kupendeketsa mutu.

Pomwepo Tabita anayambitsa nyimbo yolandirira Sabata, mokweza kuposa mmene nyimboyo imafunira. Bambo ake anamuyang'ana modabwa, chifukwa kunyumba ankachita kumukakamiza. Kenako anachotsa chipewa n'kulowa ndi besi, akukankha njinga. Anapisa dzanja m'katoni, anasolola kabuku kamodzi n'kupatsira Chester.

Chester anatsegula kabuku konunkhira tiyi kaja. Nyimboyo sankaidziwa, ndipo ndime yake yoyamba inali kunsi kwa nsimbi ya mlonda. Komabe anaimba, mokweza ndithu, mpaka anafika kumsewu.