Mkono wa Sisita Felizarda

Che Yahaya ankatchetcha kapinga m'nyumba za mabwana ku Brooklyn, mumzinda wa Pretoria, koma ku Nellmapius kumene ankakhala ankatchuka kuti Joni yense amamudziwa, poti eni akewo ndiwo ankanena choncho. Mwana wawo Asani atayamba kukana phala, timikono n'kusanduka timapesi, iwo anagamula kuti ndi mtundu: kwawo ku Machinga anthu a banja lawo sanenepa mwachisawawa.

Mkazi wawo Maimuna sanatsutse. Anangobereka mwanayo m'mawa wina n'kunena kuti, "Ine ndikupita naye ku sikelo. Inu a mtundu tsalani."

Anamutsatira, poti kuchipatala kumafunika munthu wodziwa kuyankhula.

Pageti la kiliniki ku Mamelodi, Che Yahaya anakonza kolala n'kuuza mlonda kuti abwera ku sikelo. Mlondayo anamva "sekolo," limene m'Chisepedi ndi sukulu. Anayang'ana khandalo, anayang'ana bambo wake, n'kuloza pulayimale ya kutsidya kwa msewu.

"Akuti chiyani?" anafunsa Maimuna.

"Akuti mwanayu akuoneka wanzeru."

Akanawoloka ndithu, pakanapanda nesi wina wamtali wojintcha amene ankalowa pageti pomwepo. Anaima chilili.

"Ndani wanena sikelo?" anafunsa m'Chichewa chakalekale, chonga chitenje chotulutsidwa pansi pa sutikesi.

Anali Sisita Felizarda, wobadwira ku Mutarara, ku Mozambique. Akuwalowetsa m'kachipinda kake anawauza kuti nthawi ya nkhondo mayi ake anathawira naye ku Nsanje ali pamsana. Nkhondo itatha anabwerera kwawo n'kupeza chipatala chili zipupa zokha. Anamwino anangopachika sikelo pamtengo wa bwemba, amayi n'kumabwera ndi ana kuchokera m'tchire, akuponda m'mapazi a mnzawo kuopa mabomba okwiriridwa.

Akunena izi, anali atakulunga kale kalamba koyezera pamkono wa Asani. Kalambako kanali ndi mitundu itatu. Kanaima pofiira.

"Ndi mtundu, Sisita," anayamba Che Yahaya. "Agogo ake..."

Nesiyo anakwinya malaya ake mpaka paphewa n'kuika mkono wake patebulo, pambali pa kamkono ka mwana. Unali mkono wonga mtanda wa denga, wa munthu wonyamula ana a eni tsiku lonse.

"Uwu unali wochepa kuposa wakewu, Abambo. Ku Nsanje atandipachika pa sikelo, muvi wake unakana kusuntha. Mayi wina wa kwanu komweko ankandimwetsa likuni ndi supuni, ine ndikulavula, iye akubwezera. Dzina lake sindilidziwa."

Che Yahaya anali atafotokozerapo anthu sitima ya pansi pa nthaka, ngakhalenso chifukwa chimene mitengo ya ku Pretoria imachitira maluwa a mtundu wa papo. Mkono uwu anauyang'ana, nauyang'ananso, osapeza pouyambira. Anavula kapu yawo n'kuifumbata.

Sisita anang'amba kapaketi ka chiponde cha chipatala. "Akadya, mupita naye kunyumba, muzibwera sabata iliyonse. Akakana, tim'goneka lero."

Maimuna anapaka pachala n'kufikitsa pakamwa. Asani anatembenuza nkhope. Anayesanso, mwana anatseka milomo.

"Bweretsa kuno," anatero Che Yahaya, mawu atatsika.

Anagwada pasimenti, thalauza lawo la ku mapemphero a Juma lomwelo, n'kupaka chipondecho pachala chokakala ndi udzu. Mwanayo anachiyang'ana nthawi yaitali, monga achitira a banja limenelo asanavomere chilichonse. Kenako ananyambita. Anagwira chalacho ndi manja onse awiri.

Sabata zotsatira Che Yahaya ankapempha tsiku kwa abwana n'kunyamula mwana okha. Kalamba kanachoka pofiira n'kufika pachikasu, ndipo ulendo uliwonse, Sisita akamakamanga, maso awo sankakhala pa kalambako, ankakhala pa mkono womangawo.

Mlonda uja anawazolowera. "Sekolo?" ankawafunsa akumwetulira.

"Ee, sekolo," ankayankha Che Yahaya, akukweza Asani paphewa. "Tonse awiri."